Malipiro akalowa, mumadzipatsako zingati inuyo?

Nachisale: Moni nonse m'gulu muno. Ndili ndi funso kwa amayi anzanga. Malipiro akalowa, kapena kageni kakabala kangachepe, mumapatulako zingati zoti ndi zanuzanu? Sindikunena ndiwo, sopo wochapira kapena yunifolomu ya mwana ayi. Ndikunena mafuta odzola, tsitsi, kaperefyumu, kansapato. Ine ndine mphunzitsi kuno ku Lilongwe, ana atatu. Ndikalipira lendi, madzi, mayunitsi a magetsi, makala, chimanga ndi thiransipoti, zotsala zimachepa moti ndikagula botolo la mafuta mtima umandiimba mlandu. Komatu ndimaima pamaso pa ana ndi makolo awo tsiku ndi tsiku, sindingapite ku ntchito nditatuwa. Anzanga mumatani?

Anti a ku Zomba: Mwana wanga, yamba wachotsa mawu akuti mlanduwo. Khungu ndi chiwalo cha thupi, kulidzoza si matama. Ine ndagwira unamwino mpaka kupuma, ndalera ana anga ndi a malemu achemwali anga, ndipo njira yanga sinasinthe. Tsiku lolandira, ndisanagule kanthu kalikonse, ndimachotsa K1,000 pa K20,000 iliyonse n'kuika mu envelopu yakeyake. Imeneyo ndiye ya thupi langa. Ikatha yatha, ndimadikira mwezi wina. Malamulo anga ndi awiri basi: sindikongola kuti ndioneke bwino, komanso ndalama ya mu envelopuyo sindiibweza ku ndiwo.

Mayi a Yankho: Anti, lamulo lachiwirilo ndiye landivuta. Ufa utathe pa 20, ana akuyang'aneni, inu muli ndi ndalama mu envelopu yoti mukamangire tsitsi? Ine sindingathe.

Anti a ku Zomba: N'chifukwa chake suyenera kuisunga mpaka pa 20. Gula zako sabata yomwe walandirayo, zikhale katundu osati ndalama. Botolo la mafuta sungalibweze kumsika. Amayi ambiri timati tidzagula zathu zikatsala, ndipo m'nyumba ya ana ndalama sitsala. Ufa ukamatha pa 20 mwezi ndi mwezi, vuto lili pa kagulidwe ka chimanga, osati pa mafuta a mayi.

Mayi a Tadala wa Saluni: Ndilowepo poti nkhani ya tsitsi ndiye ntchito yanga, ndili ndi kasaluni ku Ndirande. Chimene chimadula si manja athu, achemwali, ndi mesh. Mesh imachokera kunja, dola ikasowa mtengo umakwera sabata yomweyo. Ndiye mukafuna kupulumutsa ndalama, kaguleni nokha kwa ooda ku Limbe kapena ku tauni, mubwere nayo, mulipire manja okha. Wa saluni wabwino sangakwiye nazo zimenezo.

China, mukamasula musataye. Ngati munaluka zazitali zosadula kwambiri, masulani mosamala, muviike m'madzi ofunda a shampu kapena sopo pang'ono, mutsukuluze, muyanike pamthunzi. Kachiwiri zimalukika bwinobwino, makamaka tikasakaniza ndi paketi imodzi yatsopano yoika kutsogolo. Ndipo musabwere Loweruka la kumapeto kwa mwezi mukufuna kunenerera. Tsiku limenelo pabenchi pamakhala podzaza, wina wa ukwati, wina wa chinkhoswe. Bwerani Lachiwiri kapena Lachitatu pakati pa mwezi, tikukhala tikungoyang'ana mumsewu, mtengo timamvana.

Koma chomwe chimandipweteka mtima n'chakuti pofuna kuti tsitsi likhalitse, ambiri mumati "mumange kwambiri". Ukamaliza kuluka munthu akulephera kutseka maso bwino, tizilonda tatuluka m'mbali mwa chipumi. Tsitsi lakutsogolo limathothoka chifukwa cha zimenezo, ndipo likathothoka kwa zaka zambiri silimeranso. Kenako muyambe kugula mafuta omeretsa odula kuposa mesh ija. Kuluka kusapitirire miyezi iwiri pamutu, ndipo mukamasula lipumitseni sabata kapena awiri.

Nachisale: Zikomo mayi a Tadala. Nanga wigi ndi kuluka, chotchipa n'chiti mukawerengera chaka chonse?

Mayi a Tadala wa Saluni: Wigi imodzi yabwinoko ndiyo yotchipa, ngati mukuisamala. Pansi mumangoluka mizere, imene mnzanu kapena mwana wanu wamkulu angakulukeni pakhonde. Usiku muvule, muiveke pa chidebe kapena botolo lalikulu, osagona nayo. Koma mu October ndi November kutentha kuja ambiri amaitaya pambali. Nyengo imeneyo kumanga ndi ulusi kapena kumeta lalifupi n'kwabwino, ndipo aphunzitsi ambiri amene ndimawadziwa amaoneka aulemu kwambiri ndi tsitsi lawo lalifupi losamalidwa.

Nabanda wa pa Tsoka: Ine ndikambe za zovala. Ndimagulitsa kaunjika pa msika wa Tsoka, ndipo ndikudziwa kuti ambiri mukudandaula kuti kaunjika wasiya kukhala wa amphawi. N'zoona, koma mudziwe chiyambi chake. Belo amaitanitsa ndi dola. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo kuchokera apo dola yakhala ikusowa m'mabanki. Mabelo anakwera mpaka mu February 2025 mavenda a kaunjika kuno ku Lilongwe anaguba kupita ku Nyumba ya Malamulo. Pomwe K5,000 ya pepala inkatuluka mu 2022, munthu ankalowa nayo mumsika n'kutuluka ndi kajumbo. Lero mukudziwa nokha.

Ndiye kagulidwe kake ndi aka. Belo ikadulidwa m'mawa, zoyamba kusankhidwa ndi zabwino zija, ndipo amazitenga ndi a mashopu amene amakachapa, kusita, kupachika pa hang'ala n'kukugulitsani katatu mtengo wake. Mukafuna zimenezo lawirirani, ndipo khalani ndi venda wanu mmodzi amene amadziwa saizi yanu. Ine makasitomala anga ndimawatumizira uthenga usiku kuti mawa ndikudula ya mabulauzi. Koma ngati m'thumba muli mochepa, bwerani dzuwa likupendeka. Nthawi imeneyo tikufuna ya thiransipoti ndi ya ndiwo, mulu uja timautsitsa. Mumafunika kudekha pofukula, koma zabwino zimatsalamo ndithu.

Posankha musathamangire mtundu. Tembenuzani chovala, muone m'khwapa ngati mulibe chikasu chosachoka. Buluku muone pakati pa ntchafu, m'pamene pamayamba kutha. Zipi muitsegule ndi kuitseka kawiri. Nsalu yopepuka muiyang'anitse kudzuwa, timabowo timaonekera pomwepo. Batani losowa si vuto, telala akonza, koma nsalu yofumbwa ilibe mankhwala. Mukafika kunyumba chapani ndi madzi otentha, muyanike padzuwa, musite musanavale.

NyaGondwe wa ku Mzuzu: Onjezanipo za nyengo, a Nabanda. Kuno ku Mzuzu juzi mu June simungaikhudze, koma mu October mavenda amangofuna kuti zichoke.

Nabanda wa pa Tsoka: Eya, zoona zimenezo. Majuzi, majekete ndi mabulangete gulani kukutentha. Madiresi opepuka gulani mu June. Ndipo musagule chovala chothina n'kumati ndidzachivala ndikadzaonda, imeneyo ndi ndalama yogona mu sutikesi.

Mayi a Yankho: Ine ndimakonda ku DAPP chifukwa zimakhala zopachika kale, suwerama. Katundu akangolowa mtengo umakhala wokwera, koma masiku akamapita amatsitsa mpaka atalowetsa wina. Ndimangofunsa atsikana a mushopumo kuti watsopano alowa liti, n'kupita masiku omaliza. Nsapato za ana ndi makatani ndimapeza choncho.

Nasimango: Zonsezi n'zothandiza, koma tisazungulire, amayi. Chimene chikutha malipiro a akazi a pantchito si glycerine kapena bulauzi ya pa Tsoka. Ndi aja amabwera ndi chikwama mu ofesi pa 10 koloko n'kumati "tengani asisi, mudzalipira pa mwezi". Ndimagwira ntchito ku akaunti, ndimaona zimene zimachitika tsiku la malipiro. Foni ya mnzako imangolira: wa nsapato, wa perefyumu, wa mabedishiti, wa mapoto, wa wigi. Aliyense akufuna theka lake. Pofika madzulo munthu watumiza pa Mpamba ndi Airtel Money kasanu, lendi sanalipire. Potenga sumva kuwawa chifukwa sunatulutse kanthu, ndipo sunenerera n'komwe poti ukuchitiridwa chifundo. Chinthu chomwecho ukanapita ndi ndalama m'manja ukanachiyang'ana kawiri, mwina n'kuchisiya.

NyaGondwe wa ku Mzuzu: Asisi, ine ndine mmodzi wa a zikwamawo, ndiye ndiyankhe. Ndimakapikula zitenje, nsapato ndi mafuta ku Kyela, nthawi zina mpaka ku Kariakoo ku Dar es Salaam. Sindikana, mtengo wa ngongole ndi wokwera kuposa wa kashi, ndipo ndikuuzani chifukwa chake. Ndikakupatsani nsapato lero, ndalama yanga ibwera patatha mwezi kapena iwiri. Pofika nthawi imeneyo kwacha yafookanso pa shilingi, ndalama yomweyo sigulanso nsapato ngati yomweyo. Pa Songwe pali msonkho, pali basi, pali kogona. Ndiye pa anthu 10 amene atenga, pamakhala wina amene asintha nambala, wina asamutsidwa ntchito, wina angoti mwezi uno zavuta. Amene amalipira mokhulupirika ndi amene amasenza onsewo. Ine ndingakonde kwambiri aliyense atamagula kashi, mpamba wanga ungamazungulire msanga. Mukabwera ndi ndalama m'manja ndifunseni mtengo wa kashi, mudzaona kusiyana kwake.

Nasimango: Mwayankha mwachilungamo, ndakulemekezani. Ndiye amayi mwamva nokha kuchokera kwa mwini geni. Ngongole ili ndi mtengo wake ngakhale asautchule.

NyaGondwe wa ku Mzuzu: Ndipo amene muli kufupi ndi Mzuzu, zitenje za ku Tanzania pitani mukaone nokha pa msika wa Taifa. Mukagwirizana anthu atatu n'kugula nsalu yathunthu ya zidutswa zitatu, aliyense chake, zimatsika kusiyana n'kugula chimodzichimodzi.

Naphiri ku Joni: Kuno ku Johannesburg chimene chinandithandiza ndi lay-by. Umasankha chinthu mushopu, kulipirako pang'ono, iwo n'kukusungira, ukamaliza kulipira m'pamene umatenga. Chiwongoladzanja palibe. Kusiyana kwake ndi ngongole ya mu ofesi n'kwakuti chinthucho suchivala usanamalize, ndiye sukhala ukulipira nsapato imene inatha kale chidendene. A NyaGondwe, bwanji osayesa zomwezo ndi makasitomala anu?

NyaGondwe wa ku Mzuzu: Ena ndimachita nawo choncho, makamaka pa zikwama ndi mabulangete. Koma ambiri amafuna avale Loweruka lomwelo, kuli ukwati.

Mayi a Yankho: Apo mwafika pa chilonda changa. Maukwati! Chinkhoswe chitenje chake, bridal shower mtundu wake, ukwati chitenje china cha banja, ku perekaniperekani ukasinthitsenso ndalama zoponya. Chitenje ugule kwa a komiti pa mtengo wawo, telala umulipire, tsitsi, zikhadabo, mphatso. Kuyambira August mpaka December Loweruka lililonse kuli kena kake. Kuonjezera apo cha kumpingo, cha kuntchito, cha Tsiku la Anakubala pa 15 October. Mu sutikesi mwanga muli zilundu zimene ndinavala kamodzi kokha, pamene chovala chopitira ku ntchito ndilibe chokwanira. Ukakana amati ndiwe wodzikonda.

Anti a ku Zomba: Kukana kulipo kwaulemu. Ine ndinawauza abale anga poyera kuti yunifolomu ndimasoketsa ya mwana wa m'nyumba mwathu basi, wa mchimwene kapena wa mchemwali wanga. Kwa ena onse ndimapita nditavala chilundu changa chakale chochapa bwino, ndalama imene ikanapita kwa telala ndimakaponya m'lichero kuti ithandize ana akuyamba banjawo. Anayankhula chaka choyamba, kenako anazolowera. Palibe mkwatibwi amene amakumbukira kuti azakhali a mzere wachisanu anavala chiyani.

Nabanda wa pa Tsoka: Ndipo ngati mwakakamizika kugula chitenjecho, muuzeni telala asoke siketi payokha ndi bulauzi payokha, zosachulutsa mapiko ndi timikanda. Siketiyo mudzavala ndi bulauzi yoyera ku ntchito, bulauziyo ndi siketi yakuda ku tchalitchi. Diresi lalitali lokhwekhwereza pansi lija limathera tsiku lomwelo.

Bambo a Mapasa: Pepani amayi, ndalowerera nkhani yanu, koma ndakhala ndikuwerenga. Ine ndimaona kuti ndi udindo wa bambo kupereka ya saluni ndi mafuta kwa mayi a kunyumba popanda kupemphedwa. Vuto limene timaliona ife n'lakuti sitidziwa mitengo. Ukapereka K10,000 umaona ngati wapereka zambiri, osadziwa kuti siikwana ndi mesh yomwe. Tiuzeni mitengo yeniyeni, osachotsera poopa kuti tikwiya.

Nasimango: Mwanena bwino bambo, koma pali amuna ena ukawauza mtengo weniweni nkhani imakhala ya sabata yathunthu, pamene ya bandulo yoonera mpira ndi ya kokacheza Lachisanu safunsidwa ndi munthu. N'chifukwa chake amayi ambiri amabisa katundu kwa aneba n'kumalowetsa pang'onopang'ono. Kwathu tinagwirizana kuti aliyense ali ndi kagawo kake pa mwezi kofanana, iwo sandifunsa, ine sindiwafunsa. Mikangano ya ndalama inachepa kwambiri.

Bambo a Mapasa: Imeneyo ndaitola, ndikakamba ndi mayi a mapasa madzulo ano.

Nachisale: Nanga pa mafuta odzola penipeni, mukugwiritsa ntchito chiyani chosaboola m'thumba? June akubwera, ine miyendo imachita kuyera ndi mphepo.

Mayi a Yankho: Glycerine ndi Vaseline, achemwali, sizinandikhumudwitsepo. Chinsinsi ndi kudzola thupi lisanaumiretu. Ukangotuluka m'bafa, dontheza glycerine pang'ono m'manja monyowa, upake, kenako Vaseline pamwamba kuti atseke chinyezi. Botolo la loshoni ndimathiramo glycerine pang'ono n'kukhutchumula, limakhalitsa. Likamatha ndimalidula pakati ndi mpeni, m'mbali mwake mumatsala odzola masiku angapo.

Anti a ku Zomba: Za mapazi musaiwale. Mang'a safuna mankhwala odula. Madzulo viika mapazi m'beseni la madzi ofunda kwa kanthawi, ukweche zidendene pa mwala monga ankachitira amayi athu kudambo, upukute, upake Vaseline wambiri, uvale masokosi ugone. Sabata imodzi uona kusintha. Koma amene muli ndi matenda a shuga musakweche mwamphamvu kapena kudula ndi lezala, chilonda cha kuphazi chimavuta kupola, kaonetseni ku chipatala. Kutsitsi, mafuta a nsatsi amene agogo athu ankayenga okha aja ndi omwewo mukugula m'mabotolo okongola olembedwa Chingerezi. Peyala lakupsa kwambiri loti simungadye, lifinyeni mupake kutsitsi, pakapita kanthawi mutsuke.

Amake Daliso ku Chipata: Ife kuno kaunjika timati salaula, ndipo nzeru zake n'zimodzimodzi ndi zimene anena a Nabanda. Ine kanga kodzisangalatsa ndi perefyumu yopima ija ya mafuta, ya m'timabotolo topaka. Kabotolo kamodzi kamanditengera mwezi wonse chifukwa umangogusa kuseri kwa khutu ndi pamkono. Ingopakani pakhungu, pa nsalu yoyera imasiya banga. Ndipo yesani kaye pamkono, muzungulire mumsika, mununkhize patapita nthawi. Ina imanunkhira bwino poyamba, thukuta likabwera imasintha.

Mwana wa ku Koleji: Amayi ndi azakhali, ndifunse nawo ngakhale ndine wamng'ono m'gulu muno. Ku hositelo anzanga ambiri akudzola mafuta osakaniza amene mtsikana wina amagulitsa m'timabotolo topanda dzina. Amati amachotsa ziphuphu ndi kuwalitsa nkhope, ndipo zoona pa sabata ziwiri munthu amasintha. Ndi otchipa kuposa a mushopu. Ine ndili ndi zipsera za ziphuphu, ndimafuna ndiyese ndi ndalama ya mwezi uno.

Anti a ku Zomba: Mdzukulu wanga, ndakondwa kuti wafunsa usanagule. Usayese. Ndikuuza zimene ndinaona ndi maso anga m'chipatala. Mafuta amene amayeretsa munthu pa sabata ziwiri amakhala ndi chimodzi mwa zinthu zitatu, kapena zonse pamodzi.

Choyamba ndi mankhwala amphamvu a gulu la steroid, monga clobetasol ndi betamethasone. Amenewa ndi mankhwala enieni a nthenda za pakhungu, dokotala amalemba kuti udzole masiku owerengeka pamalo podwala pokha. Ukamadzola nkhope ndi thupi lonse miyezi ndi miyezi, khungu limapyapyala mpaka timitsempha kuonekera, mikwingwirima yofiira imatuluka m'mikono ndi m'ntchafu, zipere zimabwera, ziphuphu zija zimabweranso zochuluka kuposa kale. Amalowanso m'magazi, angathe kukweza BP ndi shuga. Khungu lotere likang'ambika kapena munthu akachitidwa opaleshoni, kusoka kwake kumavuta ndipo chilonda chimachedwa kupola.

Chachiwiri ndi hydroquinone. Poyamba amayeretsa, koma ukakhalitsa naye ndi dzuwa lathu lino, m'masaya ndi m'mbali mwa maso mumada kuposa mmene unalili, kuda kwake kokhala ngati kwapsa, ndipo kumeneko kuchotsa n'kovuta kwambiri. Unawaonapo amayi a nkhope yoyera koma masaya akuda bii, zala zakuda m'mfundo? Ndi zimenezo. Chachitatu ndi mercury, amene amaononga impso ndi mitsempha, ndipo mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amapatsira mwana.

Botolo lopanda dzina ndiye loopsa koposa, chifukwa ngakhale wogulitsayo sadziwa muyeso wa zimene wasakaniza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zipsera za ziphuphu zimazilala zokha ukasiya kufinya ndi kudziteteza kudzuwa. Samba ndi sopo wosakalipa kawiri pa tsiku, nkhope usaikweche. Ziphuphu zikachuluka pita ku chipatala, ku Kamuzu Central ndi ku Queens kuli madokotala a khungu. Ndipo ndikuuze, mwana wanga, kuda kwakoko si nthenda yofuna mankhwala.

Naphiri ku Joni: Anti anena zoona. Kuno ku South Africa hydroquinone analetsa m'mafuta odzola kalekale mu 1990 chifukwa cha mavuto omwewo, koma amagulitsidwabe mobisa m'misewu, ndipo ena mwa katundu amene amakwera mabasi kubwera kumudzi ndi ameneyo. Wina akakutumani kuti mumugulire, kanani.

Nangozo ku Leeds: Kuno ku UK nakonso saloledwa m'zodzola zogulitsa mushopu, amagwira anthu nawo. Rwanda nayo inachita kuwachotsa m'mashopu. Mwana wa ku Koleji, ndalama yakoyo gula chipewa kapena ambulera ndi sunscreen, mafuta oteteza khungu kudzuwa, ngati ungakwanitse, n'zimene zingathandize zipserazo.

Mayi a Tadala wa Saluni: Ndipo amene munayamba kale musachite manyazi kufunsa thandizo. Ndimawaona pampando wanga, akasiya mwadzidzidzi nkhope imayabwa ndi kutuluka totupa, ndiye amabwererako. Pitani kwa adokotala akuuzeni kasiyidwe kake.

Mwana wa ku Koleji: Zikomo kwambiri agogo ndi nonse. Sindigula, ndipo uthenga wa agogowu ndiwatumizira anzanga awiri amene ayamba kumene.

Nangozo ku Leeds: Ndibwerere ku funso la a Nachisale. Anthu kumudzi amaganiza kuti ife tili kunja timagula m'mashopu apamwamba. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndikachotsa lendi, misonkho ndi zotumiza kumudzi, zanga ndimagula m'ma charity shop ndi pa Vinted, amene ndi kaunjika yemweyo. Zina mwa zovala zimene anthu amapereka kunozi n'zomwe zimamangidwa mabelo kubwera kwa a Nabanda. Chimene ndinaphunzira ndi kudikira. Ndikaona chinthu pa foni ndimachisiya masiku atatu. Zambiri pofika tsiku lachitatu mtima umakhala utachokapo. Foni ndiye msika woopsa masiku ano, chifukwa sutseka usiku.

Nasimango: Makamaka ma status a WhatsApp ndi aja oitanitsa pa Shein, shopu ya zovala ya pa intaneti. Pa chithunzi nsalu imaoneka yolemera, ikafika ndi yopyapyala, saizi ina, ndipo kubweza kulibe poti ndalama inapita kale miyezi iwiri yapitayo, kuonjezapo ya kulemera kwa katundu. Pa Tsoka chovala umachigwira ndi manja ako usanalipire.

Mayi a Yankho: Nanga kutenga ku banki m'khonde kuti ugule wigi kapena foni, mukuona bwanji? Kwathu ambiri akutero.

Amake Daliso ku Chipata: Ayi, amake Yankho. Ya banki m'khonde imabwezedwa ndi chiwongoladzanja, gulu lathu timaika 20 peresenti pa mwezi. Ukatenga 50,000 ubweza 60,000, ukachedwa ikwera. Imeneyo ndi yotengera geni imene ibweze yokha, kapena fizi ikakuthina. Wigi sibala ndalama. Chinthu chachikulu chodzisangalatsa dikira pogawana mu December, kapena lowa chipereganyu. Ife tilipo 6, mwezi uliwonse timasonkha mofanana n'kupatsa mmodzi, ndipo tinapangana kuti imeneyi si ya ndiwo kapena fizi, wolandirayo agule chake n'kutionetsa. Wina anagula wigi, wina nsapato zachikopa zoti avala zaka, wina matiresi. Chiwongoladzanja palibe, wokutsata pakhomo palibe.

Anti a ku Zomba: Za katapila ndiye ndisamve n'komwe. Kutenga K20,000 kuti ubweze K30,000 pakutha pa mwezi, kusiya khadi la ku banki m'manja mwa munthu, chifukwa cha diresi la pa ukwati wa eni? Ndaona anamwino anzanga akulephera kutulukamo chaka chathunthu.

Nachisale: Chipereganyu cha mtundu umenewo chandigwira mtima, amake Daliso. Ku sukulu kwathu tili ndi cha ziwiya za kukhitchini, koma cha zathuzathu sitinaganizepo. Ndikawauza anzanga mu staff room. Chovuta n'chakuti September, January ndi April kuli fizi, ena adzalephera kusonkha.

Amake Daliso ku Chipata: Miyezi ya fizi muidumphe, mupangane pachiyambi pomwe. Ndipo muike ndalama yochepa yoti wolandira pang'ono kwambiri pagulupo akwanitse osadandaula. Anthu asapitirire 6 kapena 7, chikatalika omaliza amalandira ndalama itatha mphamvu.

Nachisale: A Nabanda, ine ndikufuna masiketi awiri ndi mabulauzi a ku ntchito. Ndikaweruka Lachisanu ndikupezani?

Nabanda wa pa Tsoka: Lachisanu masana mupeza zosankhidwa kale, asisi. Ya mabulauzi ndikudula Loweruka m'mawa, mufike isanakwane 7 koloko. Masiketi ndilibe, koma ndikakulozerani mnzanga wa mzere wakumunsi amene sakweza mitengo. Muyeze m'chiuno ndi m'mahipi ndi tepi kunyumba, mulembe papepala, chifukwa poyesera palibe ndipo manambala a saizi a ku Ulaya ndi a ku China sagwirizana. Ndalama mutenge zosinthasintha, muike m'thumba lam'kati, chikwama chachikulu musiye kunyumba. Nambala yanga ndakutumizirani ku inbox.